Boyila kapena heat pump: werengerani kusanazizire

Mabanja ambiri m'matauni mwathu muno, kuyambira ku Luchenza, Balaka, Ntcheu, Mponela mpaka ku Jenda, ali ndi mwana, mlongo kapena malume amene akugwira ntchito ku Britain. Ena ndi anamwino amene adanyamuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ena akusamalira okalamba, pomwe ena adapita kusukulu n'kukhazikika konko. Kangachepe kamene amatumiza mwezi ndi mwezi ndi kamene kamalipira fizi, kugula feteleza komanso kumalizitsa nyumba zimene zidaimira pawindo.

Tsono mwezi wa December kapena January ukafika, nthawi imene kuno fizi ndi feteleza wobereketsa zimafunika pakamodzi, si zachilendo kulandira uthenga wakuti: "Pepani amayi, mwezi uno sinditumiza, boyila yafa." Kuno timangoti kukamwa yasa. Boyila n'chiyani kuti ilande fizi ya mwana? Ena mpaka amayamba kuganiza kuti m'bale wawoyo wangopeza chonamizira.

Lero tati tikambirane za boyilayi, komanso za makina ena otchedwa heat pump amene boma la Britain likulimbikitsa anthu ake kuti aike m'malo mwa boyila. Ganizo loti asinthe kapena asasinthe likusautsa mabanja ambiri kumeneko, kuphatikizapo abale athu amene adagulako nyumba. Akaphonya pa ganizo limeneli, ululu wake umafika mpaka pamudzi kuno.

Ku Britain nyengo yozizira imayamba cha mu November mpaka mu March. Kumada cha m'ma 4 koloko masana ndipo masiku ena madzi amaundana panja. Azaumoyo kumeneko amalangiza kuti chipinda chokhala anthu chisazizire kuposera madigiri 18, makamaka ngati muli makanda, okalamba kapena odwala. Kufunditsa nyumba ndi nkhani ya moyo, monga momwe chimanga chilili kwa ife.

Nyumba zoposa 8 mwa 10 zilizonse m'dzikomo zimafunditsidwa ndi gasi. Boyila ndi bokosi lachitsulo lokhomedwa pakhoma, kawirikawiri kukhitchini. Mkati mwake mumayaka gasi amene amabwera m'mapaipi apansi panthaka, monga momwe madzi a kumpopi amafikira m'nyumba zathu. Motowo umatenthetsa madzi, madziwo amazungulira m'mapaipi kupita m'marediyeta, zomwe ndi zitsulo zophwatalala zoikidwa m'chipinda chilichonse, ndipo nyumba yonse imafunda. Boyila yomweyo ndi imene imapereka madzi osamba ndi otsukira mbale. Ikafa mu January, banja limagona litavala majekete.

Heat pump siyatsa moto ayi. Kuti mumvetse kagwiridwe kake ka ntchito, gwirani kumbuyo kwa firiji ya pagolosale. Mupeza kuti n'kotentha. Firiji imachotsa kutentha m'mabotolo a zakumwa n'kukutaya kunja. Heat pump imachita zomwezo koma motembenuza: imatenga kutentha kumene kuli mumpweya wa panja n'kukulowetsa m'nyumba. Mkati mwake muli mankhwala amadzimadzi amene amasanduka mpweya ngakhale pamalo ozizira kwambiri, ndipo posanduka choncho amayamwa kutentha. Kenaka kompuresa imapanikiza mpweyawo mpaka utatentha zedi. Aliyense amene adapopapo tayala la njinga akudziwa kuti pampu imatentha m'manja. Mfundo yake ndi yomweyo. Kutentha kumeneko ndi kumene kumapatsiridwa kumadzi opita m'marediyeta ndi m'bafa.

Ubwino wake wagona apa. Mbaula yamagetsi kapena ketulo ikadya yuniti imodzi, imatulutsa kutentha kwa yuniti imodzi basi. Boyila yabwino ikawotcha gasi wa mayunitsi 10, kutentha kofika m'nyumba kumakhala kwa mayunitsi pafupifupi 9, kwina kumathawira kuchumuni. Koma heat pump ikadya yuniti imodzi ya magetsi, imabweretsa kutentha kwa mayunitsi atatu, mwinanso anayi, kaamba koti magetsiwo ntchito yake n'kungosamutsa kutentha kumene kulipo kale panja.

Luso limeneli si lachilendo. Katswiri wa sayansi Lord Kelvin adalifotokoza mu 1852, ndipo mu 1938 nyumba ya khonsolo ya mzinda wa Zurich ku Switzerland idayamba kufunditsidwa ndi heat pump yotenga kutentha m'madzi a mtsinje wa Limmat. Chimene chidalepheretsa kuti lifale ku Britain n'chakuti dzikolo lidapeza gasi wambiri pansi pa nyanja ya North Sea m'zaka za m'ma 1960, ndipo kwa zaka zambiri gasiyo adali wotchipa.

Zinthu ziwiri ndizo zasintha. Choyamba ndi mtengo. Dziko la Russia litathira nkhondo Ukraine mu February 2022, gasi adakwera mtengo koopsa ku Ulaya konse. Banja wamba ku Britain limene linkalipira £1,277 pachaka pa gasi ndi magetsi m'nyengo yozizira ya 2021 lidayamba kulipira £1,971 mu April 2022. Pofika October chaka chomwecho bilu ikadafika pa £3,549, koma boma lidalowererapo n'kuiimika pa £2,500. Abale ambiri kuno akukumbukira momwe ndalama zochokera kunja zidachepera chaka chimenecho.

Chachiwiri ndi kusintha kwa nyengo. Mu 2019 Britain idakhazikitsa lamulo loti pofika 2050 isamaonjezerenso mpweya woipa mlengalenga. Malinga ndi ofesi yolondoloza chuma cha boma kumeneko ya National Audit Office, kufunditsa nyumba kokha kudatulutsa 18 peresenti ya mpweya woipa wonse wa dzikolo mu 2021. Magetsi awo akunka nayera, pakuti ochokera kumphepo ndi kudzuwa akunka nachuluka, ndipo malo omaliza opangira magetsi ndi malasha, a Ratcliffe-on-Soar, adatsekedwa mu September 2024. Choncho nyumba ikasiya gasi n'kuyamba kufunda ndi magetsi, utsi wake umachepa kwambiri.

Ife Amalawi sitingaione nkhaniyi ngati ya eni ake. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 adatisiyira maliro ndi mabwinja, ndipo akatswiri amene adafufuza za Ana adapeza kuti kutentha kwa dziko kudaonjezera mphamvu ya mvula yake. Boyila iliyonse imene yazimitsidwa ku Leeds kapena ku Manchester ndi nkhani yabwino kwa mlimi wa ku Nsanje. Pa chifukwa chimenechi, ife tikuti heat pump ndiyo njira yoyenera kulowera.

Komabe njira yoyenera dziko lonse siikhala yoyenera banja lililonse tsiku lililonse. Namwino wogwira ntchito usiku amene akulipira ngongole ya nyumba ku Nottingham, uku akuphunzitsa ana a mchemwali wake ku Ntcheu, sangagule makina a mamiliyoni chifukwa chongomva kuti ndi abwino. Ayenera kukhala pansi ndi cholembera.

Tiyambe ndi mtengo wogulira. Kusintha boyila yakale n'kuika yatsopano kumadya pakati pa £2,000 ndi £4,000, ndipo ntchito yake imatha tsiku limodzi kapena awiri. Kuika heat pump yotenga kutentha mumpweya kwakhala kukudya pafupifupi £13,000. Pofuna kupeputsa katunduyu, boma lidayambitsa sabuside yotchedwa Boiler Upgrade Scheme ku England ndi Wales mu 2022. Poyamba inkapereka £5,000, ndipo mu October 2023 idakwezedwa kufika pa £7,500. Ku Scotland kuli ndondomeko yakeyake kudzera ku Home Energy Scotland. Ndiye mukachotsa £7,500 pa £13,000, m'thumba mwa mwini nyumba mutulukabe £5,500. Poyerekeza ndi boyila ya £3,000, ndiye kuti waonjezera £2,500.

Funso n'lakuti, kodi £2,500 imeneyi idzabwerera? Yankho lake lili m'mitengo ya magetsi ndi gasi. Bungwe la Ofgem, lomwe ntchito yake ikufanana ndi ya Mera kuno, limaika malire a mitengoyi miyezi itatu iliyonse. Titenge chitsanzo cha October mpaka December 2024. Nthawi imeneyo yuniti ya magetsi inali mapeni 24.5 pomwe yuniti ya gasi inali mapeni 6.24, ndipo paundi imodzi ndi mapeni 100. Apa zikuonetsa kuti magetsi adali okwera mtengo pafupifupi kanayi kuposa gasi.

Tiwerengere limodzi. Nyumba wamba imawotcha gasi wa mayunitsi 11,500 pachaka, omwe pa mtengo uja ndi £718. Kutentha kofikadi m'zipinda ndi m'madzi osamba ndi kwa mayunitsi pafupifupi 10,000. Kafukufuku wina amene boma lidalipirira, woyesa ma heat pump m'nyumba mazanamazana, adapeza kuti yapakatikati inkabweretsa mayunitsi 2.8 a kutentha pa yuniti imodzi ya magetsi. Heat pump yotere ifuna mayunitsi 3,570 a magetsi pachaka, omwe ndi £875. Yoikidwa bwino, yobweretsa mayunitsi 3.5, idya £700. Yoikidwa mwaluso kwambiri, yobweretsa mayunitsi 4, idya £613. Pamwamba pa izi, wodulitsiratu gasi amapulumutsa ndalama ya tsiku ndi tsiku yongolipirira mita, yomwe panthawiyo inkakwana pafupifupi £115 pachaka.

Masamuwa akutiuza chiyani? Pa mitengo imeneyo, wokhala ndi heat pump yoyamba ija ankaluza pafupifupi £40 pachaka. Wachiwiri ankapulumutsa pafupifupi £130, kutanthauza kuti £2,500 yake ikadabwerera patapita zaka pafupifupi 19. Wachitatu ankapulumutsa £220 ndipo yake ikadabwerera m'zaka 11 kapena 12. Makampani ena a magetsi ali ndi mitengo yapadera yotsika pa maola ena a tsiku, ndipo wodziwa kugwiritsa ntchito maola amenewo amapulumutsa zochulukirapo. Komanso mu November 2025 boma lidalengeza zochotsa ina mwa misonkho imene idasenzetsedwa pabilu ya magetsi kuyambira April 2026. Nchifukwa chake tikuti aliyense atenge bilu yake ya mwezi uno, aone mitengo imene ilipo, abwereze masamu omwewa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mwaona kuti makina ofanana angathe kumulemeretsa wina n'kumusaukitsa wina. Kusiyanaku kumachokera m'nyumba momwemo komanso m'manja mwa mmisiri. Boyila imatumiza m'marediyeta madzi otentha madigiri 60 mpaka 75, kotero ngakhale nyumba ikhale yolowa mphepo, imafundabe mwachangu. Heat pump imagwira bwino ntchito ikamatumiza madzi a madigiri 35 mpaka 50, pang'onopang'ono koma kwa maola ambiri. Mukaikakamiza kuti itenthetse ngati boyila, imadya magetsi ochuluka ndipo phindu lonse lija limathera pomwepo.

Tsono kuti madzi ofunda chabe afunditse chipinda, marediyeta ena amafunika kusinthidwa n'kuika akuluakulu, ndipo nyumbayo iyenera kukhala yosunga kutentha. Nyumba zambiri za ku Britain n'zakale zedi, zina zidamangidwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo n'zimene abale athu ambiri amakwanitsa kugula. Kutentha kumathawira kudenga, m'makoma, m'mawindo ndi kunsi kwa zitseko. Kuthira madzi m'ndowa yobooka n'kudzitopetsa chabe. Kuyala zotchinga kutentha kudenga ndi kutseka mipata yolowa mphepo ndi ntchito yotsika mtengo, ndipo imachepetsa bilu kaya munthu ali ndi boyila kapena heat pump. Kuyambira May 2024 boma lidasiya kukakamiza anthu kuti ayambe achita zimenezi asanalandire sabuside, koma ife tikuti wanzeru ayambirebe pamenepo.

Palinso nkhani ya malo. Maboyila ambiri amakono amatenthetsa madzi osamba nthawi yomweyo munthu akatsegula mpopi, choncho eni nyumba ambiri adachotsa mathanki a madzi otentha n'kusandutsa malowo kabati. Heat pump imafuna thanki, ndipo bokosi lake lenilenilo, lokhala ndi fani, limakhala panja. Wokhala m'nyumba yosanja kapena yopanda bwalo ayenera kuyamba waona ngati malo alipo. Fani imeneyi imalira pang'ono, ndipo pali malire a phokoso limene liyenera kumveka kwa oyandikana nawo. Mu May 2025 boma lidachotsa ku England lamulo loti bokosilo litalikirane ndi malire a poloti ndi mita imodzi, zimene zapeputsa zinthu kwa a nyumba zothithikana.

Za mmisiri ndiye tisachite kunena. Sabuside imaperekedwa pokhapokha ntchito ikagwiridwa ndi mmisiri wovomerezeka pansi pa ndondomeko ya MCS, ndipo mmisiriyo ndi amene amapempha ndalamayo m'malo mwa mwini nyumba. Mmisiri woona amayeza chipinda chilichonse, n'kuwerengera kutentha kumene chimataya, asanatchule kukula kwa makina ndi mtengo wake. Wongoima pakhomo n'kutchula mtengo, muthaweni. Itanani amisiri atatu, aliyense alembe papepala madigiri a madzi amene makinawo azidzatumiza komanso mayunitsi a kutentha amene akulonjeza pa yuniti imodzi ya magetsi. Funsaninso anthu amene adaikitsa kale kwa mmisiri yemweyo kuti bilu yawo ikuyenda bwanji. Safunsa adadya phula.

Ena amati heat pump siingalimbane ndi chisanu. Izi si zoona. Maiko amene ali ndi makinawa ochuluka ku Ulaya ndi ozizira kuposa Britain. Ku Norway nyumba pafupifupi 6 mwa 10 zilizonse zili ndi heat pump, ndipo ku Sweden ndi Finland ndi pafupifupi 4 mwa 10. Chinsinsi chawo n'chakuti nyumba zawo zimasunga kutentha ndipo magetsi awo si okwera mtengo kwambiri poyerekeza ndi njira zina zofunditsira nyumba. Ku Norway magetsi pafupifupi onse amachokera kumadzi, monga athu a mumtsinje wa Shire. Vuto la Britain ndi mtengo wa magetsi ndi ukalamba wa nyumba.

Tichenjezenso za kudalira malonjezo a andale. Mu November 2020 nduna yaikulu Boris Johnson idalengeza kuti pofika 2028 dzikolo lizidzaika ma heat pump 600,000 pachaka. Mu 2022 adagulitsidwa pafupifupi 55,000 okha, ndipo mu 2024 sadafike 100,000, pomwe maboyila amagulitsidwa oposa miliyoni imodzi chaka chilichonse. Mu September 2023 nduna yaikulu ina, Rishi Sunak, idasuntha chaka choletsera maboyila atsopano a mafuta m'nyumba za kumidzi kuchoka 2026 kupita 2035. Ku Germany nako, lamulo la 2023 lokhudza zofunditsira nyumba lidautsa mapiri pachigwa. Anthu ambiri adathamangira kukagula maboyila a gasi poopa kuti aletsedwa, ndipo ma heat pump ogulitsidwa adatsika kuchoka pa 356,000 mu 2023 kufika pa 193,000 mu 2024. Zipani zimene zidapanga boma mu 2025 zidalonjeza kuthetsa lamulolo. Malamulo ndi masabuside zimasintha ndi boma. Wogula chifukwa cha mantha, kaya wagula boyila kapena heat pump, ndi amene amalira pambuyo.

Ndiye munthu asinthe liti? Maganizo athu ndi awa. Boyila imakhala zaka 10 mpaka 15. Ngati yanu ili ndi zaka zisanu ndipo ikugwira bwino ntchito, musaizule. Konzani denga ndi mawindo, tsitsani madigiri a madzi opita m'marediyeta kufika cha pa 50 kapena 55, muone ngati nyumba ikufundabe m'masiku ozizira. Ikamafunda, dziwani kuti nyumba yanu yatsala pang'ono kukonzekera heat pump, ndipo gasi wanu ayamba kale kuchepa. Koma ngati boyila yapitirira zaka 10, kapena mmisiri wabwera kawiri chaka chimodzi, nthawi yoitana oyeza nyumba ndi m'miyezi yotentha ya June, July ndi August.

Cholakwika chachikulu chimene mabanja amachita n'kudikira kuti boyila ife. Boyila siifa mu July ayi, imafa mu January pamene ikugwira ntchito usana ndi usiku. Kuika heat pump kumatenga masabata angapo kuyambira poyeza nyumba, kupempha sabuside mpaka kumanga. Palibe kholo limene lingadikire masabata amenewo ana akunjenjemera. Mapeto ake munthu amatenga ngongole yachiwongoladzanja chokwera n'kugula boyila iliyonse imene yapezeka mawa lake, ndipo wadzimangirira kugasi kwa zaka zina 15 popanda kusankha. Podikira mmisiri, banja limayatsa timbaula tamagetsi timene timadya ndalama kanayi kuposa gasi. Ena pothedwa nzeru amalowetsa makala m'nyumba yotseka, zomwe zapha anthu ku Britain monga momwe mbaula yogona nayo kuchipinda imaphera anthu kuno mu June. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Kwa abale amene akuchita lendi, omwe ndi ambiri, nkhaniyi ili ndi mbali ina. Malamulo a kumeneko amati kukonza boyila ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo iyeyo ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse. Sabuside ijanso imapita kwa mwini nyumba. Wochita lendi sasankha makina, koma bilu amalipira ndi iye. Choncho asanasaine pangano la nyumba, afunse chikalata chosonyeza momwe nyumbayo imasungira kutentha, chimene chimaika nyumba m'magulu kuyambira A mpaka G. Lendi yotsika m'nyumba ya gulu E ingathe kumudyera zambiri kuposa lendi yokwererapo m'nyumba ya gulu C. Akapeza nyumba yokhala kale ndi heat pump, aphunzire kuigwiritsa ntchito: siifuna kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi ngati boyila.

Tsopano tibwerere kwathu kuno. Nyumba zathu sizifuna marediyeta, ngakhale a ku Dedza ndi ku Mzimba anganene zina mu July. Koma madzi osamba otentha timawafuna, ndipo mabanja ambiri amene akumalizitsa nyumba m'matauni mwathu, ena ndi ndalama zomwezi zochokera kunja, amafika pa funso lofanana: tiike giza yanji?

Masamu ake ndi osavuta. Kutenthetsa malita 150 a madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 60 kumafuna mayunitsi 7. Giza yamagetsi ikamachita zimenezi tsiku ndi tsiku, pamwezi yadya mayunitsi 210, osawerengera kutentha kothawa m'thanki. Nchifukwa chake mayunitsi amatha ngati mchere wagwa m'madzi m'nyumba zokhala ndi giza. Heat pump yotenthetsera madzi ingagwire ntchito yomweyo ndi mayunitsi pafupifupi 70, ndipo m'dziko lotentha ngati lathu imagwira bwino kuposa ku Ulaya. Giza ya sola, yokhala padenga, siidya yuniti ngakhale imodzi tsiku la dzuwa.

Kodi tithamangire heat pump nafenso? Ife tikuti banja wamba lidekhe kaye. Heat pump imafuna magetsi odalirika, pomwe tonse tikukumbukira kuthimathima kwa magetsi kumene kudatsatira namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Imafuna mmisiri wodziwa za mafiriji akuluakulu, ndipo zipangizo zake n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, m'dziko limene kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Giza ya sola ilibe kompuresa yoti n'kufa, ndipo imatenthetsa madzi ngakhale magetsi atazima, kungoti masiku a chiperoni madzi ake amangofunda. Anzathu a ku Zimbabwe mu 2019 adakhazikitsa lamulo loti nyumba zatsopano ziziikidwa magiza a sola m'malo mwa amagetsi okhaokha. Heat pump ingapindulire kwambiri malo ogona alendo, zipatala ndi sukulu zogonera komweko, kumene madzi otentha amafunika ochuluka m'mawa ndi usiku ndipo bilu yake ndi yaikulu.

Chimene tikuphunzira kwa anzathu a ku Britain n'chakuti makina amene ali abwino ku Oslo angathe kukhala olemetsa ku Bradford, ndipo abwino ku Bradford angathe kukhala osathandiza ku Balaka. Chofunika n'kudziwa zinthu zitatu: ndalama yogulira, ndalama yoyendetsera pamwezi, komanso ngati nyumba yanu ndi amisiri a dera lanu angakwanitse makinawo. Wogulitsa adzakuuzani choyamba chokhacho. Ziwiri zinazo muyenera kufufuza nokha.

Pomaliza, tilankhule ndi inu makolo ndi abale amene mumalandira chithandizo kuchokera ku Britain. Mwana wanu akakuimbirani sabata ino, mufunseni kuti boyila yake ili ndi zaka zingati. Akakuuzani kuti akufuna kusunga kangachepe mwezi ndi mwezi kuti akonze denga kapena adzaike heat pump, musamuone ngati wayamba kuumira. Ndi bwino kulandira zochepa pang'ono kwa miyezi khumi mukudziwa chifukwa chake, kusiyana n'kusowa zonse mu January, mwana atabwezedwa kusukulu ndipo chimanga chikuchita chikasu m'munda. Gwirizanani pabanja miyezi imene kuno kumafunika ndalama zambiri, kuti ntchito ya panyumba kumeneko ichitike m'miyezi ina.

Ndipo inu abale athu a ku Manchester, Leicester, Glasgow ndi kwina konse, tengani bilu yanu, itanani oyeza nyumba dzuwa likadalipo, ndipo musankhe muli ndi mtima m'malo. Ngati masamu akulola, ikani heat pump, pakuti mudzakhala mwathandiza thumba lanu komanso dziko limene mudabadwira. Ngati sakulola chaka chino, konzani nyumba, sungani ndalama, mudzawerengerenso chaka chamawa. Chokhacho chimene tikukupemphani n'chakuti boyila isadzakusankhireni yokha pakati pa usiku wa January.